Golovesi ya Ulusi Wofiira

1

Dzina langa ndine Mtende. Ndinalemba mayeso a Fomu 4 chaka chatha, ndipo ndimakhala pa Rumphi boma ndi makolo anga. Sindine munthu wolankhula. Kusukulu aphunzitsi akandiloza, lilime linkauma ngakhale yankho ndikulidziwa. N'chifukwa chake nkhaniyi ndikuchita kulemba. Pakamwa yandikanika.

Bambo anga, a Hezron Luhanga, ndi telala. Mpaka posachedwapa analinso mkulu wa mpingo. Lero akamadutsa pamsika, anyamata amakodolana n'kumanong'ona kuti, "Wakuba uja ndi ameneyu." Bambo anga sanabepo kanthu chibadwire. Izi ndikuzidziwa kuposa munthu wina aliyense.

Zonse zinayamba ndi magolovesi a pulu, masewera aja a patebulo. Amene simusewera ndikufotokozereni. Kuno dzuwa likatentha dzanja limachita thukuta, ndodo ya pulu n'kumamatirira pazala m'malo moterera. Kale anyamata ankadzola paudala wa makanda, matebulo n'kuyera mbuu, eni ake n'kumadandaula. Kenako wina anabwera ndi golovesi ya zala zitatu kuchokera ku Mzuzu, n'kuwafunsa bambo ngati angasoke yotero. Ntchito ya zovala inali itaphedwa ndi kaunjika, choncho anavomera. Anali oyamba pa boma ponse. Golovesi iliyonse ankaisokerera kamtanda ka ulusi wofiira m'mphepete kuti izidziwika kuti ndi ya Luhanga.

Pasanapite nthawi, kutsidya kwa msewu kunabwera telala wina, a Bizwick, ochokera ku Ntcheu, munthu wa nthabwala zaphokoso. Awo chizindikiro chawo chinali ulusi wachikasu.

M'mawa wina ndili chogwada pafupi ndi makina, ndikuwalowetsera bambo ulusi m'singano monga ndinkachitira masiku onse, anatulukira Amock, katswiri wa pulu wa kuno. Anaponya golovesi pamakina. Inali itang'ambika pakati pa chala chachikulu ndi cholozera.

"Madala, taonani izi. Ndangogula kumene. Mukusoka ndi ulusi kapena ndi malovu?"

"Zikhadabo zako n'zazitali, mwana wanga," bambo anatero.

"Zikhadabo? Nanga bwanji za a Bizwick sizimva zikhadabo zomwezi?"

A Bizwick anali atamva. Anakuwa ali pakhonde pawo: "A Luhanga, za pulu zisiyeni! Bwererani ku nsalu za paguwa, zija palibe amazikhudza!"

Msewu wonse unaseka. Bambo anaimirira.

"Bizwick, ine ndinayamba kusoka iwe ukuyenda wopanda kabudula. Tiyese. Loweruka likubwerali, pa shedi ya Mike, wina avale yanga, wina yako, asewere mpaka ina ing'ambike. Ikayamba yanga, makina awa ndiwaphimba. Sindidzasokanso."

"Mwamva nonse!" a Bizwick anaomba m'manja. "Mkulu wa mpingo sabweza mawu!"

Ine ndinatola golovesi ija. Msoko wake unali wokhotakhota, pena singano inadutsa pambali osagwira nsalu. Bambo sankasoka choncho kale. Ndinaona, koma sindinanene.

2

Panali chinanso chimene ndinali nditaona.

Mayi anga, a NyaHarawa, Lachinayi lililonse amavala bulauzi yoyera kupita ku Umanyano, msonkhano wa amayi a mpingo. Koma kuyambira m'dzinja ankabwera mochedwa kuposa anzawo. Lachinayi lina ndikuchokera kuchigayo, ndinawaona akutuluka pakhomo la kuseri kwa shopu ya a Bizwick, chikwama chili m'khwapa, akuyang'ana uku ndi uku. Ndinabisala kuseri kwa mulu wa njerwa mpaka atapita. Ufa unali pamutu, koma chimene chinkandilemera sichinali ufawo.

Sindinaone ndekha. Tsiku lotsatira mkangano uja, ankhazi anga a Ida, mlongo wawo wa bambo, anandipeza ndikutsuka mbale.

"Mtende, anyoko ali kuti?"

"Amama apita kudimba, Ankhazi."

"Kudimba. Hm." Anakhala pamtondo n'kuvula nsapato. "Anthu akulankhula, mwana iwe. Akuti Umanyano wa masiku ano ukumathera kuseri kwa shopu ya wa ku Ntcheu uja. Ine ndikungodikira munthu mmodzi woti aime pagulu n'kunena kuti zinthu zake n'zoona. Ng'ombe zathu zinapita kwawo kwa anyoko ku Hewe zonse, palibe inatsala m'njira. Akapezeka munthuyo, anyoko abwerera kwawo ndi chitenje chomwe avalacho. Iwe ndiwe wa kwa Luhanga. Sukupita kulikonse."

Kwathu kuno ndi mmene zilili. Malowolo akaperekedwa, ana ndi a kuchimuna. Mayi akachotsedwa pakhomo amapita okha. Ndinapitiriza kupukuta mbale yomwe inali itauma kale mpaka ankhazi atanyamuka.

3

Mayi asanabwere kuchokera kudimba, ndinalowa kuchipinda kwawo n'kutsegula chikwama chija. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza kupeza. Pansi pa bulauzi yoyera ndi buku la nyimbo panali magolovesi akuda, onse a ulusi wachikasu.

Ndinatembenuza imodzi. Mayi anga ndi amanzere, ndipo akamalizitsa msoko ndi manja, ulusi wawo umapendekera chambuyo, timizere tating'ono tothinana. Ndi mmene anapindira siketi yanga ya sukulu. Ndi mmene amakonzera makolala a malaya a bambo akatha. Ndipo pamalo pamene ndodo imadutsa panalibe msoko n'komwe. Anali atapinda nsalu pamenepo, msoko n'kuupititsa kumsana kwa dzanja.

"Ukufuna chiyani m'chikwama changa?"

Anali ataima pakhomo, khasu likadali m'manja.

"Amama, ndinu mumasokera a Bizwick?"

Anaika khasu pansi, n'kutseka chitseko, n'kukhala pabedi. "Ndine. Iye amagula nsalu yotanuka pa kaunjika. Ine ndimadula ndi kusoka pamakina ake a kuseri, zotsala ndimadzamaliza kuno ndi manja."

"Bwanji osasokera adada?"

"Ndinawapempha mpaka kugwada. Akuti mayi wa Umanyano sagwira zinthu za kumalo a mowa, n'zokwanira kuti akuzigwira iwo. Akuti makina a mwamuna ndi a mwamuna. Ufa umene ukudyawu ukuganiza ukuchokera kuti? Makasitomala awo atha, Mtende."

"Ankhazi akuti muli pachibwenzi."

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Ndipo ndikanena kuti ndimakasoka, angandikhulupirire ndani? Mkazi wa mwini, m'chipinda cha mwamuna wina, atavala yunifomu ya mpingo?"

Ndinagwada n'kuwagwira maondo. "Ya Loweruka isokeni mofooka. Chonde, Amama. Ing'ambike msanga."

"Ya Loweruka anatenga kale. Ndipo itati ing'ambike, Bizwick angakuwe dzina langa msewu wonse."

"Ndiye sokerani adada ina."

"Akangoigwira adziwa. Bambo ako dzanja langa amalidziwa." Anandipukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Zisiye, mwana wanga. Aluze. Mwina n'kwabwino kuti makina aja aphimbidwe."

Ndinawachotsa dzanja. Ndinaganiza kuti mayi anga asanduka munthu wankhanza.

4

Ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachitepo: ndinawoloka msewu. A Bizwick anali pakhonde akudya chimanga chootcha.

"Ee, mwana wa adani! Akutuma kudzagula golovesi yeniyeni?"

Ndinayang'ana zala zanga za kumapazi. "Chonde, musapite Loweruka. Nenani kuti mwadwala."

Anasiya kutafuna. "Iwe, anayamba ndani? Ndikathawa, mawa ndigulitsa chiyani? Nanenso ana anga akudikira ku Ntcheu."

"Ndikudziwa amene amakusokerani."

Anayang'ana kumanja ndi kumanzere, n'kutsitsa mawu. "Ndiye tseka pakamwa, mwana. Ukatsegula, ine nditaya msika. Koma mayi ako ataya nyumba."

Lachisanu masana bambo anasoka golovesi yawo. Anasoka pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi ndi singano ngati akufuna kuinunkhiza. Atamaliza anasokerera kamtanda kofiira n'kundipatsira.

"Sunga, Mtende. Mawa ukapereke kwa Mike. Iyi sing'ambika."

"Yewo, Adada."

Ndinalowa nayo kuchipinda kwanga. Ndinalowetsa zala ziwiri n'kutambasula pang'ono chabe, ndipo msoko unayamba kuonetsa mipata. Kunja bambo ankaimba nyimbo ya mpingo chapansipansi akusesa tizidutswa ta nsalu. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali, golovesi ili m'manja.

5

Shedi ya a Mike ili kuseri kwa msika: malata pamwamba, tebulo la pulu pakati, mabotolo pambali. Loweruka limenelo anthu anadzaza mpaka kunja, chifukwa mbiri inali itafika mpaka ku Phwezi. Bambo sanalowe. Chiyambire kusoka magolovesi anali asanapondemo pamalo otere. Anaima panja, pansi pa mtengo wa mango, atavala malaya oyera. Ine ndinakapereka golovesi kwa a Mike n'kuima pamalo poti ndiziona tebulo ndi bambo omwe.

Amock anavala yofiira. Limbikani, kalaliki wa kumaofesi, anavala yachikasu.

"Koka, Amock! Ng'amba za abusazo tizipita!"

"Siyani phokoso, aise, mundiphonyetsa!"

Anasewera, n'kusewera. Malata anayamba kulira ndi kutentha. Malaya a osewerawo ananyowa mpaka kumsana. Gemu ikatha, a Mike ankakweza manja onse awiri m'mwamba kuti anthu aone, ndipo panalibe ndi ulusi umodzi womwe wotuluka.

"Madala!" Amock anakuwira panja. "Lero mwaipempherera eti?"

Bambo anandikodola. "Yang'ambika?"

"Ayi, Adada."

Anamwetulira. Kumwetulira kumeneko ndinali nditakuiwala, ndipo mtima wanga unayamba kukhala pansi.

Dzuwa litapendeka, osewera anatopa, anthu n'kuyamba kunyinyirika. A Mike anagogoda tebulo ndi ndodo. "Apa tigonapo. Vulani, tizitembenuze. Umene wayamba kulema msoko ndiye waluza."

Anatembenuza yachikasu. Anatembenuza yofiira. Anaziika pamodzi patebulo, n'kuwerama, n'kuziyang'anitsitsa. Anthu anathinana kuti aone.

"Izi," a Mike anatero pang'onopang'ono, "wasoka ndi munthu mmodzi."

Owerenga, apa ndi pamene ndakhala ndikuzemba. Lachisanu lija, mayi atapita kukatunga madzi, ndinatenga golovesi imodzi m'chikwama chawo. Ndinachotsa ulusi wachikasu ndi lezala, n'kusokerera kamtanda kofiira. Ya bambo ndinaibisa pansi pa matiresi. Ndinkati zonse ziwiri sizing'ambika, anthu atopa, aliyense apita kwawo, makina a bambo sakhudzidwa. Zoti wina angazitembenuze sizinandibwerere m'mutu.

"Wina waba ya mnzake!"

"Kapena telala wawo ndi mmodzi," mayi wina wogulitsa tomato anatero mokweza. "Paja Lachinayi kuseri kuja kumalowa ndani?"

Ndinamva kuseka kukuyenda m'gulu. Kenako ndinawaona ankhazi a Ida akukankha anthu ndi zigongono kubwera kutsogolo. A Bizwick thukuta linali kamukamu, pakamwa pakutseguka n'kutsekeka.

"Bweretsani kuno," bambo anatero ali pansi pa mtengo.

A Mike anatuluka n'kuwapatsa zonse ziwiri. Bambo sanaziyang'ane. Anayendetsa chala chachikulu pamsoko wa yachikasu, kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto. Anachitanso chimodzimodzi ndi yofiira. Kenako anakweza dzanja n'kugwira kolala ya malaya awo, n'kuisisita.

Ndinali pafupi, ndipo dzuwa linkawawomba kumaso. M'maso mwawo, pakati penipeni, munali kotuwa ngati utsi. Ng'ala. Ulusi umene ndinkawalowetsera m'mawa uliwonse, nkhope pafupi ndi singano, funso lija loti "Yang'ambika?" pamene a Mike ankakweza manja poyera, zonse zinandibwerera pakamodzi. Ine amene ndimati ndimaona zonse, ichi sindinachione.

"Adumbu, nenani!" ankhazi anakuwira bambo, mlongo wawo. "Wasoka ndani zimenezi? Nenani pano anthu amve!"

Bambo anatsitsa dzanja. Analankhula ndi mawu omwe ankalengezera nawo m'tchalitchi.

"Yofiirayi si yanga. Ndinaitenga pakhonde pa Bizwick iye atatembenuka, n'kusintha ulusi. Ndinadziwa kuti yanga ing'ambika. Ndinachita ndekha."

Kenako phokoso linaphulika.

"Mkulu wa mpingo! Wakuba!"

Ndinatsegula pakamwa. Mawu oti "ndine" anafika mpaka pamano. Koma ndinadziwa funso lotsatira: unaitenga kuti? Ndipo yankho linali m'chikwama cha mayi anga, pansi pa bulauzi yoyera. Ndinatseka pakamwa. A Bizwick, amene anapambana, sanaombe m'manja. Anangoyang'ana pansi.

6

Bambo anayenda patsogolo, ine pambuyo, anyamata akutiimbira likhweru. Titafika, anatenga chitenje chakale n'kuphimba makina, n'kumanga nsonga zake bwinobwino. Kenako anatiitana ine ndi mayi m'nyumba.

"Mtende, yanga ili kuti?"

Ndinakaitenga pansi pa matiresi, n'kuipereka ndili chogwada. Ndinkalira mosatulutsa mawu. Anailowetsa zala n'kukoka kamodzi, ndipo inang'ambika mosavuta.

"Ee," anatero. "Gemu yoyamba sikanatha."

"Adada, ndikhululukireni. Ndinkafuna..."

"Ndikudziwa chimene unkafuna." Anatembenukira kumene kunali mayi. "NyaHarawa, za maso anga munazidziwa liti?"

"Pamene munayamba kuwerenga Mawu kutsogolo osatembenuza tsamba."

"Bwanji osanena?"

"Mukanavomera?"

Bambo anakhala akupinda ndi kutambasula kansalu kong'ambikako. Mayi anasendera pafupi, koma sanawakhudze.

"Mukanangonena zoona pamenepo," mayi anatero. "Ine ndikanapita ku Hewe. Dzina lanu likanatsala."

"Litsale ndizidya nalo pamodzi?" Anapukusa mutu. "Ida asamve. Mtende, wamva? Dzina langa ndalitaya kuti amama ako akhale pano. Ukati uliwombole, ndiye kuti ndataya zonse ziwiri."

"Ndamva, Adada."

Seshoni, bwalo la akulu a mpingo, inakumana, ndipo inawaimitsa pa ukulu. Sanadziteteze. Masiku ano amakhala pabenchi ya kumbuyo, pafupi ndi khomo, pamene kale pankakhala obwera mochedwa omwe iwo ankawadzudzula. Ankhazi anasiya kutiyendera, akuti mlongo wawo wawachititsa manyazi. Za mayi sakuzitchulanso.

Mayi sanawolokenso msewu uja. Makina tinawalowetsa m'nyumba, ndipo bambo okha ndi amene anamasula chitenje n'kuwakokera mayi mpando. Amasoka masiketi ndi madiresi a ana, koma golovesi ayi, ngakhale imodzi, kuopa kuti wina angadzaitembenuze. A Bizwick akusoka okha tsopano, ndipo zawo zikung'ambika ngati za wina aliyense. Anyamata abwerera ku paudala. Matebulo ayeranso mbuu.

Kuchipatala anatiuza kuti ng'ala imachotsedwa, tidikire madokotala a maso akadzabwera. Ndinawauza bambo mosangalala. Anangoti, "Usafulumire, mwana wanga. Sindikulakalaka kuona nkhope za anthu panopa."

7

Owerenga, ine sindikugona bwino. Lamulungu lililonse ndimawagwira bambo pachigongono mpaka pabenchi ija, ndipo ndimamva anthu akusuntha zikwama zawo kuziika pamiyendo. Ndimadziwa kuti nawonso akumva. Mawu amodzi anga angawabwezere kutsogolo, ndipo mawu omwewo angakweze mayi anga galimoto ya ku Hewe. Ndayesa kupeza njira yachitatu, koma njira yachitatu ndi imene ndinayesa Lachisanu lija ndi lezala m'manja.

Sindikukupemphani kuti mundimvere chisoni. M'nyumba mwathu tonse atatu tinkakondana, ndipo aliyense ankabisira mnzake kanthu pofuna kumuteteza. Ngati kwanu kuli wina amene akukupatsani singano kuti mumulowetsere ulusi, muyang'aneni m'maso lero, musadikire dzuwa la pamsika.

Mayina ndasintha, ndipo ankhazi sawerenga magazini. Koma mwina inu munali pa shedi tsiku lija, ndipo mwatizindikira. Ngati ndi choncho, ndikugwada. Musauze munthu. Bambo musawayamikire, musawafunse kanthu. Mukakumana nawo pamsewu, malaya oyera, akuyenda pang'onopang'ono m'mbali, ingoimani n'kuwapatsa moni ngati kale: "Monire, a Luhanga."

Nkhope yanu saiona. Koma mawu adzawamva.